Mnzako Akapsa Ndevu: Kukumbukira Mayi Judy Heumann

Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Akuluakulu amene adaponya mwambi umenewu sadabise kuti kuthandizana kuli ndi kangongole mkati mwake: lero ndiwe wozimira, mawa ndiwe wopsa. Chimene mwambiwo udasiya osanena n'chakuti moto wina suoneka. Ndevu za mnzako zikhoza kumanyeka muli m'chipinda chimodzi, iwe osamva ngakhale fungo, chifukwa moto wamtundu umenewo sudakuwotchepo chibadwire. Munthu woyenda pa njinga ya olumala amaudziwa bwino ululu wa masitepe. Koma akangolowa m'holo, mawu onse a pamsonkhano amamupeza pomwe wakhalapo. Mnzake wosamva wakwera masitepe omwewo awiriawiri, wapeza mpando wakutsogolo, ndipo akabwerera kwawo ali chimodzimodzi ndi munthu amene sadabwere n'komwe.

Mayi Judy Heumann, amene adamwalira mumzinda wa Washington pa 4 Malichi 2023 ali ndi zaka 75, adali ndi makutu akumva bwinobwino, ndipo pakamwa pawo padali pakuthwa. Ambiri ku America amawatchula kuti mayi wa nkhondo yomenyera ufulu wa anthu olumala. Moto wawo udali wa masitepe, wa mabasi opanda pokwerera, wa zimbudzi za khomo lopapatiza. Komabe anthu osamva amawawerengera m'gulu la abwenzi awo, ndipo ulemu umenewo sapereka chisawawa, pakuti awonapo athandizi ambiri obwera ndi chifundo chodzaza mtanga koma osafuna kuphunzira ngakhale moni wa m'chinenero chamanja.

Adabadwa pa 18 Disembala 1947 ku Philadelphia, n'kukulira ku Brooklyn mumzinda wa New York. Poliyo adawagwira mu 1949 ali ndi miyezi 18, ndipo kuyenda kudathera pomwepo. Dokotala adalangiza makolo awo, a Werner ndi a Ilse, kuti akamusiye mwanayo kunyumba yosungirako ana olumala kuti iwo apepukidwe. Makolowo adakana, ndipo adali ndi chifukwa chake. Onse awiri adali Ayuda amene adachoka ku Germany akali achichepere m'zaka za m'ma 1930. Makolo awo adatsalira kumeneko n'kuphedwa ndi boma la Nazi. M'dziko limene adachokeralo, lamulo la mu Julayi 1933 lidati anthu ena azichitidwa opaleshoni mokakamiza kuti asabereke, ndipo pamndandanda wake padali osaona, opunduka kwambiri thupi, ndi amene kusamva kwawo kudali kwa kumtundu. Kenaka boma lomwelo lidayamba kupha olumala amene adasungidwa m'zipatala, anthu oposa 70,000 pofika mu 1941. Wolemba mndandandawo sadavutike n'kusiyanitsa wa pa njinga ndi wolankhula ndi manja. A Werner ndi a Ilse adadziwa kumene mawu akuti “tikusungirani mwanayu” adafikitsa ana a anzawo.

Judy atakwanitsa zaka zisanu, mayi ake adamukankha mpaka pasukulu ya m'dera lawo. Mphunzitsi wamkulu adawabweza, akuti mwana wotere ndi ngozi moto utabuka. M'malo mwa kalasi, boma linkatumiza mphunzitsi kunyumba, maola awiri ndi theka pa sabata yathunthu. Adadzalowa m'kalasi ali ndi zaka 9, ndipo idali kalasi ya ana olumala okhaokha, m'chipinda chapansi, ana ena akuphunzira pamwamba pa mitu yawo. Nkhani ya moto idawatsata mpaka kukula. Atamaliza maphunziro ku Long Island University, adakhoza mayeso a uphunzitsi, olemba ndi apakamwa omwe, koma adawagwetsa pa mayeso a dokotala, amene adafika powauza kuti amuonetse mmene amachitira akafuna kudzithandiza. Chiphaso adawamana, akuti sangathe kutulutsa ana moto utabuka. Mu 1970 adakasuma. Mlandu udagwera m'manja mwa Constance Baker Motley, mayi woyamba wakuda kukhala woweruza m'makhoti a boma lalikulu la America, ndipo akuluakulu a zamaphunziro ataona kuti madzi achita katondo adagonja mlandu usadafike pamapeto. Mayi Heumann adakhala mphunzitsi woyamba woyenda pa njinga m'sukulu za boma za mzinda wa New York.

Mufilimu ya Crip Camp, imene idatuluka mu 2020, muli kachigawo kojambulidwa mu 1971 ku Camp Jened, malo amene achinyamata olumala ankakathera tchuthi m'mapiri a Catskill. Wophika akhala pa tchuthi tsiku lina, ndiye pafunika kugwirizana chimene aphike okha. Judy, mtsikana wa pa njinga, ali pakati pa gulu, akuwerengera ndalama zimene zilipo ndi kufunsa maganizo a anzake pa nkhani ya chakudya chamadzulo, mpaka achita kuvota. Ndi nkhani yochepa, mwina yoseketsa. Koma ambiri mwa achinyamata aja kwawo sankafunsidwa ngakhale malaya oti avale. Khalidwe lofunsa munthu aliyense, n'kudikira mpaka ayankhe, adadzapita nalo kumalo kumene kudikirako kudali kowawa.

Mu 1973 Pulezidenti Richard Nixon adasaina lamulo la Rehabilitation Act, atalikana kawiri m'mbuyomo. Kumapeto kwake kudali kandime kakafupi, ka nambala 504, konena kuti malo alionse olandira ndalama za boma, kaya ndi sukulu, chipatala kapena ofesi, asasale munthu chifukwa cha ulumali. Aphungu ambiri adakadutsitsa osakalingalira. Koma lamulo lotere siligwira ntchito popanda malangizo ofotokoza chimene sukulu kapena chipatala chiyenera kuchita, ndipo eni mayunivesite ndi zipatala atawerengera mtengo wa kugumula masitepe ndi kulemba ntchito omasulira, adayamba kukoka nduna malaya. Pafupifupi zaka zinayi zidatha malangizowo ali m'dirowa. Jimmy Carter adalonjeza pa kampeni kuti adzasainidwa, koma nduna yake, Joseph Califano, idati iyambe yawaunikanso, ndipo mphekesera zidamveka kuti akufuna kuwachotsa mano.

Amene adaliza mfuwu wa zionetsero adali munthu wosamva. Frank Bowe, amene adasiya kumva akali kamwana, ankayendetsa bungwe la American Coalition of Citizens with Disabilities, limene lidasonkhanitsa olumala amitundumitundu pansi pa denga limodzi, chinthu chachilendo pa nthawiyo, pakuti osaona adali ndi mabungwe awo, osamva awo, opunduka miyendo awo, ndipo aliyense ankakokera kwake. Bungwelo lidati malangizo akapanda kusainidwa pofika pa 4 Epulo 1977, mawa lake anthu akalowa m'maofesi a unduna wa a Califano m'mizinda yosiyanasiyana. Zidachitikadi. Ku Washington adawamana chakudya, ndipo adatuluka patatha maola 28. M'mizinda ina zidathanso msanga. Ku San Francisco, kumene Mayi Heumann ndi mnzawo Kitty Cone adakonzekera kwa nthawi, anthu oposa 100 adakwera kukafika pansanjika yachinayi ya nyumba ya boma ya pa United Nations Plaza, ena atangotenga mswachi, n'kunena kuti satuluka.

M'bindikiro wa anthu athanzi ndi wowawa kale. Uwu udali wa anthu ena osatha kudzitembenuza okha usiku, amene kugona pansi pouma kukadatha kuwabweretsera zilonda zakupha nazo. Mudalibe bafa. Mankhwala ofuna kuzizira adawasunga m'katoni imene adaimata pamakina oziziritsa mpweya. Wosaona ankanyamula wa pa njinga kupita naye kuchimbudzi, wa pa njinga n'kumuwerengera wosaonayo zikalata. Chakudya chotentha chinkabwera tsiku ndi tsiku kuchokera ku chipani cha anthu akuda cha Black Panther, chifukwa mmodzi wa iwo, Brad Lomax, adali m'katimo pa njinga yake. Mpingo wa Glide Memorial udathandiza, bungwe la anthu ogwira ntchito zamakina lidathandiza, ndipo meya wa mzindawo, George Moscone, adatumiza matilesi.

M'chipwirikiti chimenechi, atsogoleri a m'bindikirowo adaika lamulo limene ine ndimaliona kukhala ntchito yaikulu kuposa zonse zimene Mayi Heumann adagwira m'nyumba ija: msonkhano usayambe womasulira chinenero chamanja asadakonzeke. Omasulira adali ochepa, ndipo kumasulira kumatopetsa manja ndi mutu womwe. Anthu adali ndi njala, tulo, ndi mantha akuti apolisi akhoza kulowa nthawi iliyonse. Chinthu chapafupi chikadakhala chimene amachita pafupifupi aliyense: tiyeni tiyambe, anzathu osamvawa tiwafotokozera pambuyo. Aliyense amene adafotokozeredwapo pambuyo amadziwa kuti chimene amalandira ndi makoko. Zokambirana za ola lathunthu zimasanduka mawu asanu, ndipo chigamulo chimakhala chitapangidwa kale. Ku San Francisco adakana zimenezo. Ankadikira. Panalinso ena amene lilime lawo lidali lolemera chifukwa cha ulumali, oti chiganizo chimodzi chinkawatengera mphindi zingapo. Iwonso ankawadikira mpaka amalize okha, popanda wowamalizira mawu. Misonkhano inkafika pakati pa usiku n'kupitirira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsogoleri wothamanga akadati nthawi ikutayika, ndipo powerenga maola akadakhala kuti akunena zoona. Koma anthu amene adakhala m'nyumba ija pafupifupi milungu inayi sadakhalemo chifukwa cha kulamulidwa. Palibe akadawaletsa kutuluka. Chitseko chotulukira chidali chotsegula, cholowera ndicho chidatsekedwa. Adakhala chifukwa aliyense adaona kuti mlanduwo ndi wake, ndipo munthu amadziwa kuti mlandu ndi wake pamene anzake akukana kuuyamba iye asadamve. Kwathu kuno timatha kudikira mlendo wolemekezeka maola atatu padzuwa, amayi akuimba mpaka mawu kusasa, koma sindidaonepo msonkhano utaimitsidwa mphindi khumi chifukwa womasulira wachedwa. Kudikira timakutha, nkhani ili pa amene timamuona kuti ndi woyenera kumudikira.

Kenaka boma lidayamba kufinya. Madzi otentha adatsekedwa, matelefoni adadulidwa, alonda adaletsa anthu kulowa. Cholinga chidali chakuti a m'katimo asadziwe zakunja, akunja asadziwe zam'kati, atolankhani atope n'kuchoka. Apa ndi pamene mawa la mwambi uja lidafika, ndipo silidachedwe. Anthu osamva adapita pamawindo a nsanjika yachinayi n'kuyamba kulankhula ndi manja kwa anzawo amene adaima pabwalo pansi. Galasi silitchinga chinenero chamanja, phokoso la magalimoto silichisokoneza, ndipo mlonda woima pakhomo sadziwa ngati zimene zikudutsa pamwamba pa mutu wake ndi moni kapena uthenga wa kwa atolankhani. Mauthenga adatsika ndi kukwera tsiku lililonse. Amene adadula mawaya adaiwala kuti m'nyumbamo mudali anthu amene telefoni sidawatumikirepo n'kale lomwe.

N'kosavuta kuitenga nkhaniyi ngati nthano imene wachifundo amalandira mphotho pamapeto. Ine sindiiona choncho. Pamene ankaika lamulo la womasulira, palibe adadziwa kuti matelefoni adzadulidwa. Akadapanda kudulidwa, lamulolo likadakhalabe lolondola, ngakhale kuti sitikadakhala ndi nkhani yokoma yoti tizisimba. Apa mwambi wathu umaperewera pang'ono, chifukwa umatilonjeza malipiro. Pali anzathu ena amene sadzakhala ndi mwayi wozima ndevu zathu, ndipo zawo zikupsabe.

Pakati pa mwezi womwewo aphungu awiri, Phillip Burton ndi George Miller, adachititsa msonkhano m'nyumba momwemo kuti amve madandaulo. Nduna idatumiza mkulu wina, Eugene Eidenberg, kuti akaimirire unduna. Mayi Heumann akulankhula, mawu akunjenjemera ndi mkwiyo ndi misozi, mkuluyo adangokhalira kugwedeza mutu ngati akuvomereza. Mayiwo adamudzudzula pomwepo, n'kumupempha kuti aleke kugwedeza mutu pamene sakumvetsa zimene zikunenedwa. Munthu wosamva aliyense amakudziwa kugwedeza mutu kumeneko, ndipo amakudziwa mbali zonse ziwiri. Kalaliki amamugwedezera mutu kuti achoke msanga pawindo. Iyenso, atatopa ndi kufunsa kachitatu, amagwedezera mutu dokotala amene akulankhula atayang'ana papepala, n'kutuluka ndi mankhwala osadziwa kamwedwe kake. Pambuyo pa msonkhanowo kagulu kena kadapita ku Washington, kumene kankayenda m'lole yotseka yopanda mawindo popeza kudalibe galimoto yonyamula njinga, n'kukachezera pakhomo pa nduna ndi makandulo. Pa 28 Epulo 1977 a Califano adasaina malangizowo osawasintha zikuluzikulu. Mwa zina, adalamula makoleji olandira ndalama za boma kuti azipereka omasulira kwa ophunzira osamva.

Ubwenzi wa magulu awiriwa si wachibadwa, ndipo tinganame titati udalibe zokhumudwitsana. Anthu osamva ambiri ku America sadziwerengera n'komwe m'gulu la olumala. Amati ndife mtundu wa anthu okhala ndi chinenero chathu, nthabwala zathu ndi mbiri yathu. Tikakhala tokhatokha palibe chosowa. Mbiriyo ili ndi bala lake. Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva adasonkhana ku Milan m'dziko la Italy, pafupifupi onse ali anthu akumva, n'kugamula kuti chinenero chamanja chichoke m'kalasi, ana aziphunzitsidwa kutulutsa mawu ndi kuwerenga milomo. Kwa mibadwo ingapo ana ankamenyedwa zala akapezeka akulankhula ndi manja, aphunzitsi osamva adachotsedwa ntchito, ndipo chinenerocho chidapulumukira m'zipinda zogona, ana akupatsirana mobisa magetsi asadazime. Mu 1960 William Stokoe, mphunzitsi wakumva wa pa koleji ya osamva ya Gallaudet, adasonyeza kuti chinenero chamanja cha ku America chili ndi malamulo ake ngati chinenero china chilichonse, ndipo poyamba ambiri adamuseka. Msonkhano wa aphunzitsi uja udadzakana poyera chigamulo cha ku Milan mu 2010 ku Vancouver, patatha zaka 130.

Tsono taonani pamene moto wa awiriwa umasiyanirana. Kwa Mayi Heumann, sukulu yapadera idali chipinda chapansi chija, kumene ana ankapatsidwa nthawi yogona masana m'malo mwa masamu. Moyo wawo wonse adamenyera kuti mwana wolumala aziphunzira m'kalasi imodzi ndi anzake a m'mudzi mwake. Kwa mwana wosamva, kawirikawiri wobadwa kwa makolo akumva amene sadziwa chinenero chamanja, sukulu ya osamva ndi malo oyamba kumene amatha kukangana, kunena miseche ndi kufunsira chibwenzi popanda munthu wachitatu pakati. Kumuika yekha m'kalasi ya ana makumi atatu akumva, ngakhale womasulira alipo, kukhoza kukhala kumutsekera m'chipinda chapansi chamtundu wina. Mankhwala amene adachiza wina, kwa mnzake ndi ululu. Mkangano umenewu udali wotentha pamene Mayi Heumann adalowa m'boma la Bill Clinton mu 1993 kukayang'anira maphunziro a olumala, pampando umene adausiya Robert Davila, munthu wosamva, ndipo ofesi yomweyo ndi imene imayang'anira ndalama za boma zopita ku Gallaudet. Adakhalapo mpaka 2001. M'nthawi imeneyo, mu 1997, lamulo la maphunziro a ana olumala lidakonzedwanso. Lidalimbikitsa kuphunzira pamodzi, komanso lidalamula kuti pokonza maphunziro a mwana wosamva aziganizira chinenero chake ndi mwayi wake wolankhulana mwachindunji ndi anzake ndi aphunzitsi. Sizidathetse mkanganowo, ndipo ulipobe. Koma mfundo ya osamva idalowa m'lamulo, pamene ikadatha kukwiriridwa ndi mawu okoma akuti tonse ndife amodzi.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwambi uwu umaika malire pa woyamba uja. Ukhoza kuzimira mnzako, koma sungamuuze pamene pakumuwawa. Anthu osamva adazisonyeza okha mu Malichi 1988. Yunivesite ya Gallaudet ku Washington, imene chikalata chake adasaina Abraham Lincoln mu 1864, idali isadakhalepo ndi mtsogoleri wosamva m'zaka 124. Pa anthu atatu amene adatsala pa mpikisano, awiri adali osamva, koma komiti idasankha wakumva, Elisabeth Zinser, amene chinenero chamanja sankachidziwa. Ophunzira adatseka zipata ndi maloko ndi mabasi ophwetsa matayala. Pasadathe sabata a Zinser adatula pansi udindo, ndipo pa 13 Malichi I. King Jordan adakhala mtsogoleri woyamba wosamva. Apa abwenzi akumva ntchito yawo idali kumasulira, kutumiza ndalama ndi kuyenda kumbuyo kwa gulu. Ndipo ngongole idabwezedwanso: dziko lonse litaonera zionetserozo pa TV, mphepo idakomera bilu ya Americans with Disabilities Act, imene idafika kunyumba ya malamulo mwezi wotsatira n'kusainidwa ndi George H. W. Bush pa 26 Julayi 1990. Senetala Tom Harkin, amene adaitsogolera, adalankhula mbali ya mawu ake m'nyumbayo ndi manja kuti mkulu wake wosamva, Frank, amve.

Zaka zawo zakumapeto Mayi Heumann adazithera pa nkhani za maiko. Adakhala mlangizi woyamba wa za olumala ku World Bank kuyambira 2002 mpaka 2006, kenaka mlangizi wapadera mu unduna wa zakunja m'boma la Barack Obama kuyambira 2010 mpaka 2017. Adalimbikira kuti America ivomereze pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala la mu 2006, limene limanena mosapsatira kuti zinenero zamanja ndi zinenero. Apa adagonja. Mu Disembala 2012 masenetala 61 adavomera, 38 adakana, ndipo mavoti adaperewera pa magawo awiri mwa atatu amene ankafunika, ngakhale kuti Bob Dole, msilikali wakale wolumala ndiponso mtsogoleri wakale wa chipani cha okanawo, adabwera m'nyumbamo pa njinga kudzawachonderera. Dziko la Malawi lidavomereza panganolo mu 2009, ndiye papepala tidawapitirira. Koma bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likudandaula za kuchepa kwa omasulira m'zipatala, m'makhoti ndi m'sukulu, ndipo kabokosi ka womasulira pakona pa TV kamaoneka tsiku lina, tsiku lina ayi.

Ku America nako pepala silidazime moto lokha. Mlandu woyamba wa ndime 504 kufika kukhoti lalikulu, mu 1979, udali wa mayi wovutika kumva, Frances Davis, amene ankafuna kupitiriza maphunziro a unamwino ku North Carolina. Oweruza onse adamugamulira zomuluza. Mu 1982 khoti lomwelo lidati Amy Rowley, kamtsikana kosamva ka m'chigawo cha New York, sikafunika womasulira m'kalasi popeza kankakhoza mayeso powerenga milomo, ngakhale kuti pa mawu khumi alionse pafupifupi anayi ankakadutsa. Nzeru zake zidasanduka umboni womumana. Amy adakula n'kukhala mphunzitsi wa ku yunivesite, koma chigamulocho sukulu zambiri zidachigwiritsa ntchito kwa zaka makumi angapo ngati chobisalirapo.

Pa 21 Malichi 2023, patangotha masiku 17 Mayi Heumann atamwalira, khoti lalikulu lidagamula mlandu wa Miguel Luna Perez. Mnyamatayu, wosamva, adabwera kuchokera ku Mexico n'kuyamba sukulu m'tauni ya Sturgis ku Michigan ali ndi zaka 9. Malinga ndi dandaulo lake, sukulu idamupatsa womuthandiza m'kalasi amene sankadziwa chinenero chamanja, ndipo nthawi zina ankamusiya yekha kwa maola. Chaka ndi chaka ankabwera kunyumba ndi malipoti a magiredi apamwamba, makolo ake n'kumakhulupirira kuti mwana akuphunzira. Kutatsala miyezi yochepa kuti amalize sekondale, ali ndi zaka 20, adauzidwa kuti salandira dipuloma, angopatsidwa kapepala kosonyeza kuti ankabwera kusukulu. Makhoti ang'onoang'ono adakana kumva dandaulo lake lofuna chipukuta misozi, akuti adalumpha njira zina. Oweruza onse 9 a khoti lalikulu adati makhotiwo adalakwitsa, ndipo mlandu wake pansi pa lamulo la mu 1990 lija uyenera kumvedwa. Sadagamule kuti alipidwe. Adangobweza mlanduwo kuti ukayambe. Zaka 12 za sukulu zidali zitapita kale.